Tsiku Limene Ndinaonetsa Manda kwa Abiti Jafali

Zaka za m'ma 1980: galimoto ya kanema

Za ubwana wanga ku Malindi sindilemba, ana anga, chifukwa azakhali anu anakuuzani kale zonse, zoona ndi zowonjezera zomwe. Ine ndiyambira pa ntchito. Ndinalembedwa ku ofesi ya boma yoona zofalitsa nkhani ku Mangochi, ndipo ananditumiza ku galimoto ya kanema. Pa kalata analemba udindo wautali wa Chingerezi umene agogo anu ankaunena monyadira ku tchalitchi, koma ntchito yeniyeni inali kutsitsa jenereta, kuzika nsungwi ziwiri pabwalo ndi kumangirira chinsalu. Ananditenga chifukwa ndinkalankhula Chiyawo, Chinyanja chathu cha kunyanja ndi Chingerezi cha ku mishoni, pamene bwana wanga, a Kumwenda, anali munthu wa kumpoto amene Chiyawo chake chinkayambira pa "sikomo" ndi kutheranso pomwepo.

A Kumwenda anali wamfupi, waukhondo ndi wosachedwa kupsa mtima. Pulojekita ankaitsuka ndi mswachi, ndipo ukaikhudza ndi manja a nsomba unkamva mbiri ya makolo ako. Makanema ankabwera m'zitini zozungulira, ndipo nkhani zake zinali za kulima thonje, kukumba chimbudzi, kupewa likodzo ndi maulendo a akuluakulu a boma. Filimu ikaduka anthu akuonera, ankailumikiza pomwepo ndi guluu. Guluu atasowa chaka china, ankalumikiza ndi kyutekisi wopaka m'zikhadabo wa akazi awo, ndipo anatilumbiritsa kuti tisakanene kunyumba.

Maikolofoni ndinaigwira koyamba ku Chiponde, tsiku limene chimfine chinawatsekera mawu. Anangoti, "Barnaba, tenga. Unene zimene mzungu wa m'kanemayo akunena, osati zimene iwe ukuganiza." Ndinanena zimene mzunguyo ankanena, koma ndinathira kamchere pang'ono, ndipo anthu anaseka mpaka ena anagwa pa njinga zimene anatsamira. Pobwerera anandikalipira njira yonse, koma maikolofoniyo sanailandenso.

Zipani zitachuluka

Nthawi imeneyi ndiifupikitsa chifukwa ilibe chokoma. Mavidiyo anafika m'timisika tonse, ndipo mwana amene waona munthu akuuluka ndi kumenya anthu khumi sangabwerenso kudzaona kakumbidwe ka chimbudzi. A Kumwenda anapuma ntchito. Ine ndinakwezedwa kukhala woonetsa kanema wamkulu chaka chomwe pulojekita inafa, ndipo galimoto yathu inakhala pa miyala kuseri kwa ofesi mpaka nkhuku zinayamba kuikiramo mazira. Mafuta akapezeka matayala kulibe, matayala akapezeka dalaivala wasamutsidwa. Ndinkapita ku ntchito nditavala tayi kukawerenga nyuzi ya dzulo. Amene anakulerani zaka zimenezo ndi mayi anu ndi dengu lawo la usipa, ndipo zimenezi muzizikumbukira mukamanditama.

Zaka zomaliza: kanema wa telala

Kutatsala pang'ono kuti ndipume ntchito, bungwe lina la kunja linapatsa ofesi yathu pulojekita yaing'ono ngati buku la nyimbo, jenereta yatsopano ndi zimbale za makanema opangidwa ndi anthu a muno mu Afirika. Bwana wanga tsopano anali mayi Chirwa, munthu wophunzira, wachilungamo, koma woopa kwambiri chilichonse chimene chingafike ku likulu. Galimoto ija anaikonza, ndipo tinkaonetsa masana m'makalasi, mawindo titatseka ndi masaka, chifukwa ofesi inakana kulipira ogona kunja.

Pa zimbale zonsezo, chimene anthu anakonda chinali cha telala wina wa kumadzulo kwa Afirika amene anapita ku Ulaya. Ankalankhula Chifalansa ndi chinenero cha kwawo, mawu a Chingerezi akudutsa m'munsi, ine ndikumasulira. Telalayo analibe mapepala. Ankasoka m'chipinda cha pansi chopanda windo, ndipo ankagona m'nyumba imodzi ndi amuna a mayiko osiyanasiyana. Anali ndi mwana wamkazi wobadwira komweko, amene bambo ake akamulankhula m'chinenero chawo ankayankha m'Chifalansa, ndipo tsiku lina anawazemba pa geti ya sukulu chifukwa anabwera atavala mkanjo. Pamenepo anthu ankaseka, chifukwa kuno nyumba iliyonse ili ndi wake amene anapita ku Joni nabwera lilime litapindika. Koma telalayo akamaimba foni kwawo kuti zonse zili bwino, kwinaku akudya buledi wouma ataimirira, m'kalasi munkangomveka jenereta. Kumapeto amadwala nthawi yozizira namwalira. Anzake aja amalephera kutumiza thupi kwawo, choncho amamusambitsa okha, namuika m'manda komweko.

Vuto linabuka m'mudzi wina pafupi ndi Nkopola. Ine ndinakulira pakati pa Asilamu, ndipo ndinkadziwa bwino kuti mwamuna amasambitsidwa ndi amuna okhaokha ndiponso kuti akazi sapita kumanda. Koma pa zaka zanga zonse, kanemayu asanabwere, ndinali ndisanaonetsepo maliro, ndiye sizinandifike m'mutu kuti za pa chinsalu zingawerengedwe chimodzimodzi. Anzake a telala atangoyamba kuthira madzi, mkulu wina anaimirira, natambasula ambulera yake kutsogolo kwa pulojekita, nati, "Akazi atuluke." Akazi ena anatuluka, ena anakana, achinyamata anayamba kukuwa, benchi linathyoka ndipo mayi wina anavulala bondo. Lolemba lake akuluakulu a mudziwo anali kale mu ofesi ya mayi Chirwa ine ndisanafike.

"A Barnaba, nkhani ndi yachidule," anatero atapita alendowo. "Kuyambira lero, telalayo akangotseka maso m'chipatala, mudumphe mpaka kumapeto. Za kusambitsa ndi za kumanda asaonenso munthu."

Ndinavomera popanda kuwiringula. Ndinaona kuti akunena zanzeru, komanso munthu woyembekeza penshoni sakangana ndi bwana. Kwa miyezi ingapo telala uja ankamwalira, ine ndikudina kabatani, ndipo anthu ankangoona mwana wake ali yekha pa makina osokera a bambo ake.

Chaka chomaliza: kupitirira Malindi

Tinapita kukaonetsa m'mudzi wina wa asodzi kupitirira Malindi, kumene tinayenera kukhalako masiku angapo, ine ndikugona kwathu. Titamaliza tsiku loyamba ndinali kupinda mawaya, ndipo mayi wina wachikulire anatsala pa benchi lakumbuyo. Anali wowonda, atafunda nsalu kumutu, ndipo anadikira mpaka onse atatuluka.

"Mwadumpha," anatero.

"Ndadumpha chiyani, mayi?"

"Musandiyese mwana, bambo. Mnzanga wogula usipa anaona kanemayu ku Nkopola ambulera isanatambasulidwe. Akuti amamusambitsa. Ine ndabwerera pamenepo."

Ameneyu anali Abiti Jafali. Anandifotokozera mosazungulira. Mwana wake Twaibu anayamba wapita ku Joni, kenako anawolokera ku Ulaya, ndipo anakhalako zaka zambiri akutumiza zithunzi ndi kangachepe. Chaka chapitacho kunabwera foni ya munthu wolankhula Chingerezi chachilendo, kunena kuti Twaibu wamwalira ndipo amuika kale. Nambala ija sinayankhenso. Pamenepo aliyense m'mudzi anakhala katswiri wa za ku Ulaya. Wina anati kumeneko amawotcha mitembo, wina anati amaisunga m'firiji mpaka ataiwala, wina anati amaiveka suti ndi nsapato osaisambitsa. Mayiyo anakana kuphika sadaka, chakudya chija chimene abale amaitanira anthu kudzapempherera womwalira. Ankati sangaitane anthu kudzadya mpunga asakudziwa ngati mwana wake anagona ngati munthu kapena anatayidwa ngati galu. Chaka chinali chitatha mbumba ikumunyengerera, iye osadya bwino, osagona, komanso osalira.

Ndinamuuza zoona. "Mayi, ili ndi sewero. Amene amwalira mmenemu si mwana wanu, ndipo sanafe n'komwe. Mwina pano akumwa tiyi kwawo."

"Zimenezo ndikudziwa. Kodi amene anapanga seweroli ndi anthu akuda okhala komweko?"

"Ndi omwewo."

"Asilamu?"

"Mayina awo akuonetsa choncho."

"Ndiye pa zina anganame, koma pa maliro sanganame. Aonetsa mmene amachitira."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo mayi ameneyu anali atatsekula changa. Ndinatuluka panja kukaimbira mayi Chirwa, poganiza kuti akamva nkhani yake afewa. Anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo ndikhulupirira kuti inawakhudza, koma anati, "A Barnaba, ndinalonjeza akuluakulu aja pamaso panu. Zikamveka kuti mwaonetsa mkazi manda, adzatitsekera midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja. Mukachita, mwachita pamutu panu, ndipo galimoto mudzaisiya." Ndisaname, ana anga, ndinachita mantha. Ndinali nditadikira zaka zambiri kuti ndibwerere pa msewu, ndipo sindinafune kumaliza ntchito yanga ndi kalata yondidzudzula.

Mayi anu ndi amene anandikankha. Nditawafotokozera anangofunsa kuti, "Akanakhala Yohane wathu, inu mukanafuna akudumphireni?" Iwe Yohane nthawi imeneyo unali utangopita ku Joni. Kutacha ndinavala tayi ndi kupita kwa Che Amidu, mlongo wake wa Abiti Jafali, amene anali mwini mbumba. Zobisa sindinafune. Che Amidu anali mwini maboti awiri, munthu wa mawu okwera, ndipo anandiyang'ana kuyambira ku nsapato.

"Inu a kwaya mukudziwa chiyani za maliro athu?" anatero.

"Zochepa, Che Amidu. N'chifukwa chake ndabwera kwa inu. Tiyeni titenge a Shehe, muone nokha awiri, kenako mundiuze."

A Shehe a m'mudzimo anali nkhalamba yofatsa, ya maso ofooka, moti anakhala pafupi ndi chinsalu ngati mwana wa sitandade wani. Tinatseka chitseko ndipo ndinaonetsa chigawo chija. Poyamba zonse zinayenda bwino. Amuna aja anafunditsa thupi nsalu, nayamba kusambitsa mbali ya kumanja, nakulunga m'sanda yoyera, ndipo a Shehe ankagwedeza mutu. Kenako panalowa chimene ine ndinali ndisanachiganizire, chifukwa kwa ife a ku mishoni n'chozolowereka. Anabweretsa bokosi. Kuno Msilamu amanyamulidwa pa jeneza, chithatha cha maliro, naikidwa m'nthaka ndi sanda yokha, koma m'dziko la telalayo lamulo silinkalola kuika munthu popanda bokosi.

Che Amidu anadzuka. "Basi. Achemwali akaona bokosi ili afa. Muwaonetse kusambitsako, mukafika apa mudumphe. Kudumpha ndiye mumakutha."

Ndinatembenukira kwa a Shehe. Anasisita ndevu, kenako anati, "Munthu wa pa ulendo amaswali mmene angathere. Womwalira pa ulendo nayenso amaikidwa mmene anzake angathere. Anyamatawa sanalakwe."

"Nanga zoti mkazi aone manda?" anafunsa Che Amidu.

"Ndinaphunzira kuti mkazi asapite kumanda," anatero a Shehe. "Za manda obwera okha pa galimoto kudzapeza mkazi sindinaziwerengepo. Ine sindikutumani, a Barnaba, komanso sindikuletsani. Koma asakhale pa gulu."

Choncho mtolo unabwerera pamutu panga. A Shehe anasamba m'manja, bwana anakana, ndipo mwini mbumba ankafuna theka. Ndinaganiza za mayi wogula usipa uja ndi anzake, ndi achinyamata amene amaona chilichonse pa foni. Tsiku lina wina akanamuuza Abiti Jafali za bokosilo, ndipo iye akanadziwa kuti tinamubisira, nasiya kukhulupirira ngakhale kusambitsa kumene anaona ndi maso ake. Ndinauza Che Amidu kuti ndionetsa zonse kapena sindionetsa chilichonse, ndipo asankhe Abiti Jafali mwini wake. Anandinena mawu a Chiyawo amene sindilemba pano, koma anapita kukamuitana.

Za ine ndineneretu kuti tithane nazo. Nkhani inafika ku ofesi sabata isanathe, mayi Chirwa anachita monga ananenera, ndipo miyezi yanga yomaliza ndinaithera m'chipinda chosungira katundu ndikupukuta fumbi pa zitini zakale za a Kumwenda. Penshoni sanaikhudze. Sindinawasungire mangawa, chifukwa iwo anasunga lonjezo lawo, ndipo pa phwando londitsanzika ndi iwo amene anandigulira wailesi ili pa kabatiyi.

Abiti Jafali anabwera masana ndi amayi awiri a mbumba yake. Anakana benchi nakhala pamkeka, miyendo atatambasula. Che Amidu anaima pakhomo atatifulatira, akuti akulondera ana kuti asasuzumire. Ndisanayatse ndinati, "Mayi, muli zina zimene simuzikonda." Iye anati, "Yatsani, bambo."

Maikolofoni sindinaigwire, chifukwa m'chigawo chimenecho mulibe mawu ambiri. Amuna anayi anali m'kachipinda ka matailosi oyera, manja a malaya atapinda. Mmodzi ankathira madzi, wina ankagwira nsalu kuti isayende, ndipo wina, wamtali ndi wakuda kwambiri, anaika dzanja pansi pa mutu wa womwalirayo kuti usagunde pa tebulo pomutembenuza.

"Imitsani," anatero Abiti Jafali. Ndinaimitsa. "Wagwira mutuyo ndi mbale wake?"

"Ayi, mayi. Ndi wa dziko lina. Ngakhale chinenero chawo n'chosiyana. Ankangogona nyumba imodzi."

Anamuyang'ana kwa kanthawi, kenako anakweza chala kuti ndipitirize. Anaona sanda ikukulungidwa ndi kumangidwa, milomo yake ikuyenda. Bokosi litalowa, amayi awiri aja anayang'anana, ndipo mmodzi anamugwira phewa. Iye anachotsa dzanjalo. Sanati ndiimitse. Amuna aja ananyamula thupi naliika m'bokosi. Bokosi limagoneka munthu chagada, ndiye wamtali uja anavula jekete lake, nalipinda, naliika kumsana kwa mnzake kuti agone chammbali, pa dzanja lamanja, nkhope italoza kumene Asilamu amaloza poswali. Atatero anatseka, natuluka panja ndi shati yokha.

"Achimwene," anaitana mayiyo osatembenuka. "Mwaona?"

"Ndinaona kale mmawa," anayankha Che Amidu ali chifulatire, ndipo mawu ake sanali okwera monga mwa masiku onse.

Kumanda kunali mbee paliponse, pansi ndi pa mitengo yopanda masamba. Anthu anali ochepa, osakwana ngakhale amene amakoka khoka limodzi kuno. Anaima pamzere, napemphera, ndipo aliyense anaponya dothi ndi dzanja.

"Choyeracho n'chiyani?"

"Ndi madzi, mayi. Kumeneko kukazizira kwambiri amauma, n'kumagwa ngati ufa."

"Twaibu ankadana ndi kuzizira," anatero. "Mwezi wa Juni ankakana kupita kunyanja. Amalume akewa ankachita kumukoka mwendo."

Pamenepo ndi pamene analira. Sikunali kulira kokuwa ayi, kunali kwa pansipansi, kwa munthu amene wasenza chinthu mtunda wautali ndipo wapeza potula. Amayi awiri aja analira naye, ndipo ine ndinayang'ana jenereta pa windo ngati ili ndi vuto. Kanema anafika kumapeto, mayina anayamba kukwera, ndipo palibe amene anadzuka. Patapita nthawi anapukuta nkhope ndi nsonga ya nsalu yake.

"Achimwene, kauzeni mbumba ipunthe mpunga. Muuzenso a Shehe asankhe tsiku."

Che Amidu anangoti, "Chabwino, achemwali," nachoka msanga osationetsa nkhope. Ine ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse, koma mayiyo anandiletsa.

"Musazimitse, bambo. Bwezani pamene akumusambitsa paja. Ndikufuna ndimuonenso mwana wa eni wagwira mutu uja, kuti pomupempherera ndizidziwa nkhope yake."

Ndinafuna kumukumbutsa kuti ameneyo ndi wa sewero chabe, koma ndinangobweza.